Kufunditsa Phiri

Pamwamba pa mudzi wa Corris, kuno ku Wales,
namondwe wa mu Disembala anazula paini ngati akuzula mtedza.
Mitengo yotsala inadulidwa ndi makina.
Makinawo atachoka, phiri linatsala lambulanda,
zitsa zokhazokha, ndi mikwasa iwiriiwiri ya matayala
yozama kulekeza m'maondo.

Kuno mvula sigunda, sichenjeza.
Imangowaza, mvumbi wa masabata atatu,
koma pita kumfuleni m'mawa ukaone:
madzi asanduka tiyi wamkaka,
phiri likutsikira kunyanja pang'onopang'ono
osatsanzika.

Ndiye atilemba ntchito anthu asanu kuti tilifunditse.

Kapitawo wathu Gethin wagawa mtsetse m'zigawo:
zikhomo zofiira, chingwe, kabuku konyowa m'thumba.
Apa mapesi a tirigu,
apo zibanthu za nthambi zogaya,
uko chiguduli cha ulusi wa kokonati
chochokera kutali kuposa ine.

Mapesi ndi opepuka, otsika mtengo, komanso osadalirika.
Lachiwiri tinayala mabelo makumi atatu;
Lachinayi mphepo inawanyamula
n'kukawakoleka pa waya wa mpanda wa eni ake.

Zibanthu zimalemera. Wilibala imatitimira,
phewa limadandaula usiku wonse.
Koma zikagona zagona.
Dontho likagwa limafikira pa izo, ukali n'kuthera pomwepo,
kenako lilowa m'nthaka mowerama
ngati mkamwini pakhomo pa apongozi.

Chiguduli n'cha potsetsereka kwambiri.
Timachikhomerera chogwada,
zala zitauma gwa m'magolovesi.

Lachisanu kunatulukira mayi Eirlys Pugh a pafamu ya kumunsi,
ngolo yodzaza ubweya wa nkhosa.
Akuti mtengo wake chaka chino sukwana n'kulipira wometa yemwe.
"Tengani, kusiyana n'kuti ndiutenthe."
Gethin anakanda m'mutu, m'kabuku mwake mulibe ubweya.
Tinauyalabe m'mikwasa ya matayala muja,
ukununkha mafuta ndi ndowe,
ngati thonje pachilonda.

Bambo anga ku Mponela ankakana kutentha mapesi.
Ankawayala m'munda monse, anthu n'kumaseka:
munda wa mlesi, chigono cha mbewa.
Anyamata osaka mbewazo anawayatsira moto kawiri.
Ine ndinkadzera njira ina pochokera kusukulu
kuti anzanga asadziwe kuti mundawo ndi wathu.
Ndinakwera ndege kuthawa khasu,
lero ndikulipidwa pa ola
kuchita chomwecho chimene ndinkachita nacho manyazi.

Kuno kulibe chiswe.
Zimene chiswe cha kwathu chimamaliza mvula isanagwe
kuno bowa ndi nyongolotsi zimadya zaka zitatu,
mosafulumira, ngati anthu ake pa mzere wa basi.

Kumunsi kwa chigawo chilichonse kuli chitini chotchera matope.
Gethin amakhuthula, amayeza pasikelo, amalemba.
Pa chigawo chosafunditsa chitini chimadzaza mpaka kusefukira.
Pa mapesi, theka.
Pa zibanthu, kadzanja kamodzi.
Pa ubweya anayang'ana kawiri, n'kutukwana m'chinenero cha amayi ake,
kenako anajambula mzere watsopano m'kabuku.

Dzulo, Epulo ali pakati, ndinatsalira anzanga atapita kukamwa tiyi.
Ndinatukula ngodya ya ubweya.
Pansi pake panali pofunda, pakuda bii,
nyongolotsi ikudzikoka kubisala,
ndi kambande kamodzi, masamba awiri,
kosabzalidwa ndi munthu.
Kumfuleni miyala yapansi yayamba kuoneka.

Ndinajambula ndi foni kuti ndiwatumizire bambo.
Nambala yawo ikadalimo,
chaka chachinayi tsopano chiwaikireni m'manda.

Ndinabwezera ubweyawo pamalo pake,
n'kuupsinja ndi chikhatho m'mbali monse
kuti mphepo isalowe.